Kodi Mawu Osawerengedwa Ali ndi Mphamvu?

Dzina lakuti Presbyterian lichokera ku liwu la Chigriki lotanthauza mkulu, pakuti mipingo yotere, monga CCAP ya kuno kwathu, iyendetsedwa ndi abusa pamodzi ndi akulu osankhidwa. Tsono nkoyenera kulingalira mwambo wa mpingo wa Presbyterian Church (USA) ku America pa Msonkhano wake Waukulu, umene uchitika kamodzi pa zaka ziwiri, monga unachitikira ku Salt Lake City m'chaka cha 2024. Kumeneko zigawo za mpingo zitumiza nthumwi, ndiponso anyamata ndi asungwana oti akapereke uphungu. Iwowa aloledwa kulankhula pabwalo, ndipo nkhani ikafika poti igamulidwe, ayamba ndiwo kuponya voti. Chiwerengero chawo chionetsedwa poyera, ndipo pambuyo pake nthumwi ziponya yawo. Komatu yomanga chigamulo pabwalopo ndi ya nthumwi yokha.

Kodi tinene kuti umenewu ndi ulemu, kapena kunyengerera chabe? Wina adzati: kufunsa munthu maganizo ake, koma osawawerengera, kuli ngati kupatsa mwana kakhasu koseweretsa kuti asalire pamene akulu alima. Mawu amenewa sitingawanyoze, chifukwa mnyamata wozindikira kuti anamuitanira kudzakometsa msonkhano amachoka mwakachetechete, ndipo kawirikawiri sabwereranso.

Koma taonani nzeru ili m'kutsogoza ana. Akadayamba akulu, ana ambiri akadangotsata mapazi awo chifukwa cha manyazi. Poyamba iwo, anena za mumtima mwawo. Ndipo mkulu aliyense, asanagamule, waona kale kumene kwaloza iwo amene adzasenza chigamulocho zaka zambiri iye atapita. Sangathenso kunena kuti sindinadziwe. Nzeru imeneyi si yatsopano: Benedikito Woyera, zaka zoposa 1,400 zapitazo, analamula kuti pa nkhani zazikulu mkulu wa amonke aitane onse, ndi aang'ono omwe, popeza Mulungu akhoza kuululira wamng'ono chimene chili chabwino, koma kugamula anakusiya m'manja mwa mkuluyo.

Apa mpamene pagona nkhani. Kufunsa munthu nkutenga ngongole. Amene wamva uphungu wa mwana nagamula zina sanalakwe, pakuti mawu a akulu akoma akagonera, ndipo alipo maenje amene awadziwa yekhayo anagwamo. Alakwa ngati agamula zina osafotokoza chifukwa chake, monga ngati palibe amene analankhula. Mawu a mwana afera pamenepo, pa kusayankhidwa.

Nawonso anyamata ali ndi mbali yawo. Kukanidwa sikutanthauza kusamvedwa. Wofuna kuti mawu ake alemere ayenera kuphunzira nkhaniyo bwino, kupirira akagonja, ndi kubweranso ulendo wina ndi mfundo zakupsa, pakuti tsiku lidzafika loti iyenso akhale pa mpando wogamula, ana ena atamuyang'ana.

Tsono inu atate ndi amayi, aphunzitsi ndi akulu a mipingo, musanadandaule kuti ana a masiku ano athawa misonkhano, dzifunseni: kodi ulendo wotsiriza umene munafunsa mwana maganizo ake, munabwerera kukamuuza chimene munachita nawo?