Ndowa ya Kachewere ndi Kuopa Allah

Kutamandidwa konse nkwa Allah. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad.

Abale anga m'Chisilamu, muopeni Allah pa muyeso. Kuno ku Tsangano kachewere ndiye amaphunzitsa ana, kufolera nyumba ndi malata ndi kugulira odwala mankhwala. Tonse timadzudzula wofukula m'munda wa mnzake usiku. Nanga wogula wobwera ndi ndowa yofutukula, kapena mlimi wobisa zowola pansi pa thumba? Ameneyo akuba dzuwa likuswa mtengo, mwina atangochoka mumzikiti muno.

Anthu a ku Madyan adanyozera Mneneri Shuaib pamene adawaletsa chinyengo chomwechi, ndipo adaonongedwa. Surah 83, Al-Mutaffifin, yayamba ndi kuchenjeza oterewa.

Amene ali ndi ndowa ziwiri, yogulira ndi yogulitsira, akaphwanye imodzi asanapite kumsika. Allah atikhululukire tonse.