Mbale Yotsala pa Mkeka

Mwezi wa Disembala ukafika, ana atatsekera sukulu, mabanja ambiri a m'matauni amakonza ulendo wokapuma ndi kukadyera pamodzi panja. Ena amakwera phiri la Zomba kukakhala m'mbali mwa damu la Mulunguzi, ena amapita ku Likhubula m'munsi mwa phiri la Mulanje, ndipo ife a ku Lilongwe timatsika msewu wa ku Salima kufikira ku Senga Bay. M'banja mwathu ulendowu umachitika pa tsiku loyamba la sabata, ndipo kwa zaka zambiri mwini wake anali agogo athu aakazi.

Iwo ndiwo ankadzuka kusanache kuphika mpunga ndi nkhuku, kuthira thobwa m'chigubu lisanasase, ndi kusankha mango akupsa bwino m'dengu. Kunyanjako sankalowa m'madzi. Ankayala mkeka pamthunzi, nkumalondera nsapato ndi zovala, maso ali pa adzukulu, kuwerenga mitu yawo m'madzimo. Tikawapempha nthano ankakana, amvekere nthano saimba masana.

Chaka chimene anagona tulo ta imfa sitinapite. Chaka chotsatira tinapita, ndipo zonse zinayenda bwino kufikira nthawi ya chakudya. Mlongo wathu anayala mbale monga mwa chizolowezi, ndipo aliyense atatenga yake, imodzi inatsala. Tonse tinangoti chete. Patapita kanthawi amalume anati sitikanayenera kubwera. Wina anawadzudzula kuti okhulupirira salira chotero. Mlamu wathu, pofuna kutitonthoza, anati tisadandaule, agogo akutiona ndipo akukondwera nafe.

Pamkeka paja panabuka funso limene ambiri a ife m'Sukulu ya Sabata tinakumana nalo kale, kapena tidzakumana nalo. Kodi kuseka pa malo amene womwalira ankawakonda ndiko kumuiwala? Nanga misozi ya pa tsiku lachikondwerero ndi chizindikiro cha kuchepa kwa chikhulupiriro?

Mawu a mlamu wathu anali achifundo, koma Malemba satilola kutsamira pa iwo. Mlaliki 9:5, 6 amatiphunzitsa kuti akufa alibe chimene akudziwa, ndipo alibenso gawo pa zochitika za dziko lino. Yesu mwini, pa Yohane 11:11-14, anafanizira imfa ya Lazaro ndi tulo. Agogo sanali kutiona. Choonadi chimenechi chimapweteka tikachimva ndi mbale yotsala m'manja, ndipo tisachite ngati sichipweteka. Komabe taonani chimene chimatichotsera. Ngati akufa sadziwa kanthu, ndiye kuti kuseka kwathu sikuwanyoza, ndipo kudzimana kwathu sikuwakondweretsa. Ambiri a ife tinakulira m'midzi momwe anthu amaopa kukwiyitsa mizimu, ndipo mantha amenewo amatha kutsala mumtima ngakhale titabatizidwa, atangosintha chovala ndi kudzitcha ulemu. Chaka chija tinakhala panyumba, ndani anapindula? Agogo sanalandirepo kanthu. Amene analipira ndi ana, omwe anataya agogo awo nkutayanso ulendo wa kunyanja.

Koma wodzudzula uja nayenso analakwa, ndipo kulakwa kwake ndi kwathu ife abusa kawirikawiri. Timafulumira kutsegula vesi munthu asanatsirize kulira. Pa 1 Atesalonika 4:13-18 Paulo sakuletsa chisoni. Akusiyanitsa chisoni cha munthu wokhala ndi chiyembekezo ndi cha munthu wopanda chiyembekezo. Zonse ziwiri ndi chisoni ndithu. Ambuye wathu analira pamanda a Lazaro akudziwa bwino lomwe kuti posachedwa amuitana atuluke. Ngati Iye amene ali kuuka kwa akufa anagwetsa misozi, ife ndife yani kuti tiumitse maso a amalume?

Werengani mosamala Ezara 3:10-13. Kachisi wa Solomo anapasulidwa ndi Ababulo m'chaka cha 586 B.C., ndipo patapita zaka pafupifupi 50 obwerera ku ukapolo anaika maziko a kachisi watsopano. Linali tsiku la malipenga ndi nyimbo. Ambiri anafuula mokondwera. Koma okalamba amene anaona nyumba yoyamba ndi maso awo analira mokweza, ndipo mlembi akutiuza kuti womva sakanatha kulekanitsa phokoso la chimwemwe ndi phokoso la kulira. Chotidabwitsa nchakuti palibe amene anaimirira kuwalekanitsa. Sanauze okalamba kuti akalirire kunja, kapena anyamata kuti achepetse mawu. Onse anali kunena zoona: nyumba yatsopano inali mphatso, ndipo nyumba yakale inalidi itapita. Chomwechonso pamkeka paja, mwana amene ankaseka m'madzi ndi amalume amene anazolika nkhope onse anali kunena zoona za agogo amodzi omwewo.

Chitsanzo chimene chimatikhudza koposa chili pa Mateyu 14:10-21. Yohane Mbatizi, mbale wake wa Yesu, anali atangodulidwa mutu m'ndende ya Herode. Yesu atamva, analowa m'ngalawa kupita ku malo a yekha. Khamu linamtsata pamtunda. Tikanayembekezera kuti awabweze, pakuti anali pa chisoni. M'malo mwake anawachitira chifundo, anachiritsa odwala awo, ndipo madzulo anawakhazika pansi. Marko 6:39 amawonjeza kuti udzuwo unali wobiriwira, monga momwe umakhalira kwathu kuno mvula ya Disembala ikagwa. Pamenepo, pafupi ndi nyanja ya Galileya, amuna 5,000, osawerengera akazi ndi ana, anadya mikate ndi nsomba nakhuta. Chakudya chodziwika koposa chimene chinadyedwapo paudzu chinagawidwa ndi Munthu amene anali atangomva uthenga wa maliro. Chisoni chake sichinathe kuti adyetse anthu, ndipo kudyetsa anthu sikunatanthauze kuti wamuiwala Yohane.

Nanga mbale yotsala ija tichite nayo chiyani? Aisrayeli anali ndi ulendo wawo wa chaka ndi chaka wokakhala panja, Madyerero a Misasa, masiku 7 m'misasa ya nthambi kuyambira pa tsiku la 15 la mwezi wachisanu ndi chiwiri (Levitiko 23:39-43). Lamulo la pa Deuteronomo 16:14 limatchula amene ayenera kukondwera nawo, ndipo pamndandandawo pali mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye, anthu amene m'nyumba mwawo muli kale malo opanda munthu. M'masiku a Nehemiya, anthu atalira pakumva chilamulo, anauzidwa kuti akadye zonona, akamwe zotsekemera, ndi kutumiza gawo kwa amene sanakonzeretu kanthu (Nehemiya 8:9-12). M'mipingo mwathu muli agogo ambiri amene ana awo ali ku Johannesburg, ena amene anaika ana awo onse m'manda. Sadzalowa m'malo mwa agogo athu, ndipo kungakhale kuwachimwira kuwasandutsa chithunzi cha munthu wina. Koma pa galimoto pali mpando, ndipo mbale ilipo.

Tisaiwale kuti mbaleyo yatsala kwa kanthawi chabe. Yesaya 25:6-8 amaona phwando limene Yehova adzakonzera anthu a mitundu yonse paphiri lake, pamene imfa idzamezedwa ndipo misozi idzapukutidwa. Mneneriyo akunena za kupukuta, kutanthauza kuti oitanidwawo adzafika nkhope zili zonyowa. Timoteo anakumbutsidwa za chikhulupiriro cha agogo ake a Loisi (2 Timoteo 1:5); ifenso chimene tinachimva pakamwa pa agogo athu, m'mapemphero awo otsegulira Sabata, ndicho chimatipatsa mtima woyembekezera lipenga lotsiriza.

Chaka chino tikupitanso ku Senga Bay. Thobwa adzaphika ndi mlongo wathu, ngakhale tonse tikudziwa kuti silidzafanana ndi lija. Tapempha mayi wina wamasiye wa mumpingo mwathu kuti atsagane nafe. Anayamba akana, kenaka anavomera, koma anatichenjeza kuti iwo m'madzi salowa. Adzakhala pamthunzi, akuti, nkumayang'anira nsapato.