Usanagule filimu, kaone kuwala

Khala pansi mwana wanga. Ndamva kuti akupatsa ntchito yojambula malonda a pa TV, ndipo eni katundu akufuna filimu ya m'chitini, osati kamera ya digito. Ndakondwa. Koma ndikuona mtima wako wathamangira kale ku 500T poti ndi imene anzako amaitchula. Dekha kaye.

Pita kumalo ojambulirako pa ola lomwe mudzajambule, ukaone kuwala ndi maso ako. Chilembo cha pachitini sichokongoletsa ayi: D ndi ya dzuwa, T ndi ya magetsi a tungsten, ofiirira aja a 3200K. Kodak ili ndi filimu za Vision3 zinayi, 50D, 250D, 200T ndi 500T. Za Fujifilm usavutike nazo, anasiya kupanga filimu yojambulira kanema mu 2013.

Nambala ikakula, filimu imaona ngakhale mumdima, koma chithunzi chimadza ndi timchenga. Mu kanema wautali timchengato ndi mchere wa ndiwo. Malonda ndi ena. Uli ndi masekondi 30 okha, ndipo mwini sopo walipira kuti botolo lake lioneke losalala, dzina liwerengeke. Ukamajambula pa 16mm timchenga timaonekera kwambiri kuposa pa 35mm, popeza kachithunzi kake n'kakang'ono. Choncho panja padzuwa tenga 50D, mu situdiyo yokhala ndi magetsi okwanira tenga 200T, ndipo 500T uisungire usiku. Ukaitulutsa padzuwa uike fyuluta ya 85, uwerenge 320 m'malo mwa 500.

Tsono imva ichi, pakuti ndinachiphunzira ndi misozi. Negativu ukaipatsa kuwala kopitirira pang'ono imakhululuka. Ukaimana, mithunzi imasanduka matope, ndipo nkhope ya munthu wakuda ngati iwe ndi ine ndi imene imayamba kutayika. Ine ndimaipatsa kopitirira nthawi zonse. Ektachrome 100D, imene inabwerera mu 2018, ilibe chifundo chotero. Mitundu yake imakoma, inde, koma ukaphonya pang'ono zoyera zonse zimapserera. Ndili mnyamata ndinatenga filimu ya mtundu umenewu osayesa, ndipo diresi loyera la mayi wa m'malondamo linatuluka ngati chipepala chopanda ulusi. Tinajambulanso tsiku lonse, ine ndili chete ngati wakuba nkhuku.

N'chifukwa chake ndikuti gula chitini chimodzi msanga. Jambula botolo lenilenilo pambali pa nkhope ya wosewerayo, labu itsuke, muonere limodzi ndi eni katundu asanatulutse ndalama zambiri. Uwauzenso kuti mafiti 400 pa 16mm ndi mphindi pafupifupi 11, pomwe pa 35mm sakwana mphindi 5.

Zitini uzisunga mufiriji, uzitulutse zifunde usanatsegule. Ndipo ngati labu ili kutali, pabwalo la ndege uwapemphe mwaulemu ogwira ntchito azifufuze ndi manja, zisalowe m'makina ounikira katundu.