Chenicheni N'chiti?

M'chaka cha 1989 kampani ya Sega idatenga zam'kati mwa Mega Drive, choseweretsa cha panyumba, n'kuziika m'makina oponyamo ndalama otchedwa Mega-Tech. Amisiri ena opanda chilolezo adachitanso chimodzimodzi ndi masewera a Aladdin a 1993. Nzeru yake ndi imodzi. Chosiyana n'chilolezo basi. Komabe makina oyambawo amatchedwa enieni, enawo achinyengo, zhing-zhong m'kayankhulidwe ka ku Harare.

Mlandu wakuba ulipodi, poti eni ntchito sadalandirepo kanthu. Koma mwana wa ku Mbare kapena Mufakose, yemwe kwawo Mega Drive idali loto chabe, ataponya khobidi m'makina otere pagolosale, chimwemwe chake chingakhale chabodza? Funsoli sililendo kwa adzukulu a Amalawi a m'madera amenewa, omwe Chichewa chawo chosakanikirana ndi Chishona ena kumudzi amachikana.