Phunziro 17: Chotupitsa ndi Masamu a Mliri

Kuwerenga: Levitiko 13:45-46, Agalatiya 5:7-10

Aphunzitsi, bwerani ndi mbale ya nyemba. Ikani nyemba imodzi patebulo, nimuwauze ana kuti ameneyu ndi munthu wodwala nthenda yopatsirana. Iye apatsira anthu awiri, awiriwo apatsiranso awiriawiri: 2, 4, 8, 16. Musawathamangitse, awerenge okha. Pofika ulendo wachikhumi odwala atsopano akwana 1,024, ndipo nyemba zatha kale m'mbale. Chikhalirecho ife tachepetsa, pakuti wodwala chikuku mmodzi akhoza kupatsira anthu 12 kufikira 18 pamene palibe katemera.

Paulo sanalembe manambala, koma anaona mkate ukutupa. Chotupitsa sichioneka poyamba. Momwemonso namasupuni, amene kwawo ndi ku South America koma anadzadza mumtsinje wa Shire. Pa madzi abwino akhoza kuwirikiza kawiri m'masabata awiri. Tsono dziwe likaphimbika theka, mwini wake amati nthawi ilipo, pamene kwatsala masabata awiri okha.

Koma masamu omwewa ali ndi chitonthozo. Ronald Ross, amene anapeza kachirombo ka malungo mu udzudzu ku India mu 1897, anaonetsa mu 1911 kuti sikofunika kupha udzudzu wonse. Ukachepa kufika pa mlingo wina, malungo azilala okha. Mu 1927 Kermack ndi McKendrick, ku Edinburgh, anawerengera miliri ina mwa njira yotereyi. Kermack anali atachita khungu mu 1924, nagwira ntchitoyi osaona pepala. Mfundo yake ndi iyi: odwala khumi akapatsira anthu oposa khumi, mliri ukula; akapatsira asanu ndi anayi, mliri ulinkufa. Nthomba inatha motero, ndipo analengeza kutha kwake mu 1980.

Lamulo la Mose lopatula wakhate linali lowawa. Ine sindifuna ana atuluke muno akuganiza kuti wodwala ngwopirikitsa, popeza Ambuye Yesu anamkhudza wakhate ndi dzanja lao (Marko 1:40-42). Chimene tiletsa ndi ulendo wa nthenda. Mwana wa chikuku akhale kunyumba, timperekere phala, timpempherere, ndipo ang'ono ake apite ku katemera.

Bwezerani nyemba khumi patebulo. Ulendo uno odwala awiri apatsire munthu mmodzi yekha. Ana awerenge kuti nyemba zitha pa ulendo wachingati.