Mtima wa munthu sachita kuukoka

Ana anga, inu amene mwatembenuka mtima posachedwapa, changu chanu ndachiona ndipo n'chabwino. Koma ndamva kuti wina akumana mng'ono wake nsima Lamulungu chifukwa sanapite kutchalitchi, winanso wauza mwamuna wake kuti sadzamuchapira ovolosi ya kumgodi mpaka atabatizidwa. Zimenezo lekani.

Mnyamata womanidwa nsima adzabweradi. Adzakhala pabenchi yakumbuyo, foni ili pakati pa miyendo, n'kumaimirira ena akaimirira, n'kumati ameni mochedwa. Inu mudzati mwamupulumutsa, chonsecho mwangomuphunzitsa chinyengo. Tsiku limene adzayambe kudzigulira yekha ufa, simudzamuonanso.

Kodi mpingo wa kuno kumigodi unayamba ndi chikwapu? Mu 1925 anthu ogwira ntchito m'migodi, ena ochokera ku Nyasaland, ankasonkhana okha m'makomboni kupemphera, mpaka anapanga Union Church in the Copperbelt. Amishonale atadzakhazikika ku Mindolo anapeza nyimbo zikuimbidwa kale. Ku Mindolo komweko, pa 16 January 1965, panabadwira United Church of Zambia. Nanga mu December 1991, Pulezidenti Frederick Chiluba atalengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, kodi malo omwera mowa ku Buchi ndi ku Chimwemwe anatsekedwa? Ngati mawu a mtsogoleri wa dziko sanasinthe mitima, kulalata kwanu pakhonde kungathe?

Monica, mayi wa ku dziko limene lero ndi Algeria, nayenso anayamba ngati inu. Mwana wake Augustine atalowa chipembedzo china, mayiyo anamukaniza kukhala naye m'nyumba, kenaka anamulandiranso. Anapempha bishopu wina kuti akatsutsane ndi mwanayo, bishopuyo anakana poona kuti mnyamatayo sanakonzeke kumva. Monica anapemphera zaka zambiri, ndipo Augustine anabatizidwa ku Milan mu 387, atapitirira zaka 30, chaka chomwe mayi akewo anamwalira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sindikuti aliyense adzatembenuka inu muli moyo, ayi, ena mudzawasiya m'manja mwa Mulungu momwemo.

Muitaneni m'bale wanu kamodzi, mwaulemu. Akakana, musamukwiyire kapena kumunena kwa azibusa. Akadwala, kamugonereni kuchipatala. Amene ali ndi wake womuwawitsa mtima abwere Lachinayi madzulo tidzamupempherere limodzi, koma dzina lake musadzalitchule pagulu.