Chikomekome cha mkuyu

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," amatero akuluakulu pochenjeza munthu wothamangira chokongola asanachisuzumire m'kati. Chenjezoli likumukhudzanso amene akukonza PowerPoint yokaonetsa kumsonkhano, makamaka posankha zithunzi.

Pafupifupi chithunzi chilichonse chopezeka pa Google chili ndi mwini wake. Wina anapsa ndi dzuwa, kamera ili m'manja, kuti achijambule. Za Shutterstock ndi Getty Images zomwe simunalipire zimabwera ndi dzina la kampani litalembedwa mofuwira pamwamba pake. Kulidula kapena kulifufuta n'kuba basi, ndipo pulojekita ikakuza chithunzicho pakhoma, zotsalira zake zimaonekera ngakhale kwa okhala kumbuyo. Ku Malawi, lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza ojambula zithunzi monga limatetezera oimba.

Zaulere zilipo pa Unsplash, Pexels ndi Wikimedia Commons, koma nazonso muziyamba mwawerenga chilolezo chake. Cholembedwa CC BY chimafuna mutchule wojambula, ngakhale ndi timalemba ting'onoting'ono pansi pake. Chokhala ndi NC sachitira malonda. Ndipo mukamakamba za alimi a ku Ntchisi, musatiikire mlimi wa ku Kenya. Pitani mukawajambule nokha, mutawapempha kaye.